Manifodi ya turbo imene inkang'aluka pa roadster ya mpikisano wa liwiro

Galimoto imene ndikufotokoza pano ndi ya bambo wina wopuma pa ntchito wa kumwera kwa California, amene anaimanga yekha m'galaja ya kunyumba kwake. Bodi yake ndi ya Ford ya 1929 yopanda denga, mtundu umene eni masewerawa amautcha roadster, ndipo injini yake ndi ya Ford ya malita 2.3, ya masilinda anayi, yofanana ndi imene inkaikidwa mu Mustang SVO ndi Thunderbird Turbo Coupe m'zaka za m'ma 1980. Chasisi, zitsulo zoteteza woyendetsa, thanki ya madzi oundana oziziritsa mpweya wa turbo, zonsezi anawotcherera okha, ndipo ntchito yawo inali yaudongo. Ine ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yowotcherera mapaipi a stainless m'mafakitale a zakudya. Anandiitana manifodi ya ekizozi, imene imatolera utsi wa injini n'kuupereka ku turbo (makina amene utsiwo umawazungulitsa kuti azikankhira mpweya wambiri mu injini), itang'aluka kachiwiri m'nyengo imodzi ya mipikisano.

Kuti amisiri anzanga amvetse zimene chitsulochi chinkakumana nazo, ndiyambe ndi mpikisanowo. Galimoto sizithamangitsana. Iliyonse imanyamuka yokha, n'kuthamanga mowongoka, ndipo makina amayeza liwiro lake. Bungwe la Southern California Timing Association, limene linayamba mu 1937, limachititsa mipikisano pa nyanja youma ya El Mirage, pa msewu wadothi wa mamailosi 1.3, komanso pa chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah, kumene sabata ya mipikisano yotchedwa Speed Week yakhala ikuchitika kuyambira 1949, kawirikawiri mu Ogasiti. Ku Bonneville kuli msewu waufupi wa mamailosi atatu ndi wautali wa mamailosi asanu, ndipo kuti galimoto iloledwe pa wautaliwo iyenera kuonetsa kaye kuti imapitirira mamailosi 175 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 282. Limeneli ndilo linali khumbo la mwini galimotoyi. Injini yawo imagwera m'gulu F, la injini za pakati pa malita awiri ndi atatu.

Galimoto ya mpikisano wa kota ya mailosi imaponda mafuta onse kwa masekondi khumi, kenako n'kupuma. Ya ku mchere imaponda mafuta onse kupitirira mphindi yathunthu popanda kupumira. Komanso mphamvu yofunika kupyoza mphepo imakwera mofulumira kwambiri kuposa liwirolo: kuchoka pa 150 kufika pa 175, mbali ya mphepo yokha imafuna mphamvu yoonjezera pafupifupi 59 peresenti. Bonneville ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,286, mpweya ndi wopepuka, choncho turbo imagwira ntchito yaikulu kuti ipereke mpweya womwewo umene ikanapereka kufupi ndi nyanja. Zonsezi zimathera pa chinthu chimodzi: utsi wotentha pafupifupi madigiri 900, ukudutsa m'mapaipi kwa nthawi yaitali yokwanira kuti chitsulo chonse chipse mpaka kufiira.

Chizindikiro choyamba

Ku El Mirage, chakumapeto kwa ulendo wina, mwini galimoto anaona geji ya mpweya wa turbo ikutsika pang'ono pomwe phazi linali pansi. Atatsegula boneti anapeza kamzere ka mwaye pa nsalu yotchinga kutentha imene anakulunga nayo mapaipi. Atamasula nsaluyo anapeza mng'alu pamene mapaipi anayi amakumanira asanalowe mu turbo. Anachita zimene ambirife tingachite: anakumba mng'aluwo ndi gilayinda, anawotcherera, kenako anaika tizitsulo tiwiri ta makona atatu tolimbitsa pakati pa mapaipi ndi flange (chitsulo chafulati chomangira ndi mabauti) ya turbo. Anaonjezeranso chitsulo chokhuthala chochoka pa turbo kukamangika ku injini ndi mabauti awiri, kuti turbo isagwedezeke n'komwe. Anakulunganso nsalu ija n'kupita nayo ku Bonneville.

Kumeneko manifodi inatha maulendo awiri okha. Pa wachitatu inang'aluka malo atatu, ndipo utsi wotuluka pa mng'alu wina unasungunula waya wa sensa. Mwamwayi sunafike pa paipi ya mafuta a turbo imene inadutsa pafupi pomwepo. Anabwerera kunyumba sabata isanathe.

Zimene tinapeza

Ndinapempha kuti asakhudze chilichonse mpaka nditaona manifodi idakali pa injini. Pempho limeneli linatithandiza, chifukwa umboni woyamba unaoneka pomasula. Titachotsa bauti yoyamba ya chitsulo chogwira turbo chija, yachiwiri inakana kutuluka, ndipo itatuluka turbo inasuntha yokha mamilimita pafupifupi atatu. Mabowo sanayang'anizanenso. Ndiye kuti manifodi inali yokokedwa ngakhale ili yozizira. Ikatentha inkafuna kutalika, chitsulo chija n'kuiletsa, ndipo poti stainless yofiira imafewa, inkapindika m'malo motalika. Ikazizira inkabwerera ili yofupikirapo, n'kumadzikoka yokha.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndinawalemba pa katoni kuti mwini galimoto aone. Stainless ya mtundu wa 304, imene anapangira manifodiyi, imatalika pafupifupi mamilimita 0.018 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse ikatentha chonchi, pomwe chitsulo wamba chimatalika pafupifupi 0.012. Paipi yaitali mamilimita 400 ikakwera ndi madigiri 700 imatalika mamilimita asanu. Palibe bauti kapena kachitsulo kolimbitsa kamene kangaletse mamilimita asanu amenewa. Akaletsedwa kuno amakatulukira kwina.

Tinatsuka manifodi n'kuiyeza ndi mankhwala ofufuzira ming'alu, aja a zitini zitatu: otsukira, ofiira olowa m'ming'alu, ndi oyera otulutsa ofiirawo. Ming'alu iwiri inayambira ndendende pa nsonga za tizitsulo tolimbitsa tija, pamene chitsulo cholimba chimathera mwadzidzidzi pa paipi yopyapyala ya mamilimita 1.6. Inali yowongoka, yotsatira m'mphepete mwa wedi (mzere wowotcherera), monga imakhalira ming'alu ya kutopa kwa chitsulo. Injini ya masilinda anayi ondondozana imanjenjemera kawiri pa kuzungulira kulikonse, choncho ikamazungulira maulendo 7,000 pa mphindi (rpm) imagwedeza chilichonse chomangidwa pa iyo maulendo oposa 230 pa sekondi. Injiniyi inamangidwa ku chasisi popanda labala. Turbo, wastegate (valavu yolambalalitsa utsi wina kuti usadutse mu turbo) ndi paipi yotulutsa utsi titaziika pa sikelo zinakwana makilogalamu pafupifupi 14.

Mng'alu wachitatu ndi umene unandiimitsa nthawi yaitali. Sunali pa wedi. Unali pakati pa paipi, pokhota, ndipo mankhwala ofiira anaonetsa timing'alu tambiri tanthambinthambi m'malo mwa mzere umodzi. Maonekedwe amenewa ndimawadziwa ku ntchito kwathu, pa mapaipi otentha amene nsalu yawo yotchinga inanyowa ndi madzi a mchere. Stainless ya mtundu wa 304 ikakhala yokokedwa, yotentha kupitirira madigiri 60 kapena apo, ndiponso yonyowa ndi mchere, imang'aluka chotere ngakhale kunja isaoneke dzimbiri. Ndinafikisa nsalu ija m'manja, ndipo inatuluka fumbi loyera. Chaka chapitacho galimotoyi inali itapitako kale ku Bonneville kukayesedwa pa liwiro lotsika, ndipo nsaluyo sinachotsedwepo mpaka mng'alu woyamba uja utaoneka. Mwini galimoto amatsuka pansi pa galimoto mosamala akabwera ku mchere, koma madzi otsukirawo ankalowa m'nsalu, n'kusungunula mchere, n'kuusiya utamatirira pa paipi miyezi yonse yozizira. Akaliza injini m'galaja, paipi inkafunda ili yonyowa.

Kenako tinadula manifodi pakati ndi sowo kuti tione m'kati. Mawedi amene kunja anali osalala, a mtundu wagolide, m'kati anali akuda, otupa, okhakhala ngati shuga wopserera. Ndinakanda ndi sikuludilaiva ndipo tizidutswa tinagwa. Bamboyo anawotcherera ndi makina a TIG bwinobwino, koma sanadzaze argon, mpweya woteteza wedi yotentha kuti isapse, m'kati mwa mapaipi, choncho mbali ya m'kati ya wedi inapsa ndi mpweya. Wedi yotere imakhala ndi timipata tambiri toyambira mng'alu, ndipo tizidutswa take tikasweka timakalowa m'mapiko a turbo. Titayang'ana mapikowo ndi tochi tinapeza nsonga zingapo zokumbika.

Pomaliza, flange ya ku injini, ya stainless yokhuthala mamilimita 9.5, inali yopindika moti rula yachitsulo inkasiya mpata kumapeto onse awiri. Hedi ya injiniyi ndi ya chitsulo chosungunula ndipo imaziziritsidwa ndi madzi, pomwe flange imatentha kwambiri n'kumafuna kutalika kuposa hediyo. Mabowo a mabauti anali othina, ndiye inalibe kolowera.

Zimene tinagwirizana, ndi chifukwa chake

Apa panali kukambirana kwakukulu. Mwini galimoto ankafuna kupanganso manifodi yofanana ndi yakaleyo, koma ya Inconel, chitsulo chodula chopirira kutentha, ndi zolimbitsa zokulirapo. Ndinawauza kuti, "Bambo, ndalama zimenezo mungotaya. Chitsulo chodula chikamangidwa mofanana ndi ichi chidzachedwako pang'ono, koma chidzang'aluka pamalo omwewa." Chizolowezi cholimbitsa pamene pang'aluka chili paliponse. Ngakhale kwathu, ekizozi ya injini ya chigayo ikang'aluka timathamangira kuwotchererapo engo ayoni, ndipo pakapita milungu ingapo mng'alu umatulukira kumapeto kwa engoyo. Pa chitsulo chozizira chimene chasweka chifukwa cholemedwa, kulimbitsa n'koyenera. Pa chitsulo chimene chimatentha ndi kuzizira, funso loyamba likhale lakuti chikufuna kusunthira kuti, nanga chikuchiletsa n'chiyani.

Tinaganiziranso zobwerera ku manifodi yoyambirira ya Ford ya chitsulo chosungunula. Imapirira, koma ndi yothina pa mphamvu imene ankafuna, ndipo imaika turbo pamalo pamene boneti yopapatiza ya roadster silola.

Mfundo imene inatsegula njira ndi yakuti m'masewera awa kulemera si mdani. Mchere ndi woterera, matayala amazungulira pachabe, ndipo ambiri amachita kuonjezera zitsulo zolemera m'galimoto kuti igwire pansi. Mapaipi opyapyala a mamilimita 1.6 anawatengera ku magalimoto a mipikisano ina, kumene kilogalamu iliyonse imawerengedwa. Kuno panalibe chifukwa. Tinasankha mapaipi ndi zigongono za schedule 10, zokhuthala mamilimita 2.77, za stainless ya 321. Mtundu umenewu uli ndi titanium pang'ono, imene imagwira carbon kuti isalande chromium chitsulo chikakhala nthawi yaitali pakati pa madigiri pafupifupi 425 ndi 870, vuto limene limafooketsa 304 pa dzimbiri. Ndinawachenjeza kuti 321 nayonso imang'aluka ndi mchere wonyowa chimodzimodzi ndi 304, choncho nsalu ija sibwereranso zivute zitani. M'malo mwake tinapinda malata opyapyala a stainless n'kuwaimika pa timiyendo, kusiya mpata wa chala chimodzi kuti mphepo izidutsa ndiponso madzi otsukira aziuma. Paipi ya mafuta ndi mawaya tinazisamutsira mbali ina.

Mapaipi tinawafupikitsa. Akale anali ataliatali, opotanapotana kuti akhale ofanana kutalika. Pa galimoto imene imangokhala pa rpm yapamwamba phindu la zimenezo ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo wake, chifukwa paipi yaitali imatalika kwambiri ikatentha ndiponso imaika turbo kutali ndi injini, kumene kugwedezeka kumakula. Komabe paipi iliyonse tinaisiyira chigongono chimodzi kapena ziwiri, popeza pokhota ndi pamene chitsulo chimapumira.

Flange yatsopano inali ya chitsulo wamba, yokhuthala mamilimita 12.7, chifukwa sichitalika kwambiri ngati stainless. Mabowo apakati tinawasiya othina kuti azigwira malo, akumapeto tinawakulitsa cham'litali. Titamaliza kuwotcherera ndi kukasalalitsa nkhope yake pa makina, tinaidula ndi sowo yopyapyala pakati pa silinda iliyonse ndi inzake, kuti chidutswa chilichonse chizisuntha pachokha. Tinaika masitadi aatali okhala ndi timachubu pansi pa nati, chifukwa sitadi yaitali imatamuka ndipo simasuka msanga flange ikamafufuma ndi kubwerera.

Za kugwira turbo ndizo zinafuna kuganiza kwambiri. Turbo imafunika kunyamulidwa, koma siyenera kumangidwa. Tinapanga kafulemu pamwamba pa injini, komangika ku injini yomweyo osati ku chasisi, n'kupachikapo turbo ndi kandodo kokhala ndi mfundo zozungulira kumapeto onse awiri. Kandodoka kamanyamula kulemera kochokera pamwamba, koma kamalola turbo kusunthira kunja ndi kutsogolo mapaipi akatalika. Tinakaika moimirira molunjika, mopingasa ndi njira imene mapaipi amatalikira, ndipo tinakakoka pang'ono pokha injini ili yozizira, mpaka kulemera kwa turbo kutachoka pa mapaipi. Paipi yotulutsa utsi tinaiikira kachigawo kofewa ka makwinya pafupi ndi turbo.

Kuwotcherera kwake

Mwini galimoto anafuna kuwotcherera yekha, ndipo ndinagwirizana nazo chifukwa dzanja lawo linali labwino kale. Chimene chinkasowa ndi dongosolo. Tinagula regyuleta ya mapaipi awiri, imodzi ya tochi ina yodzazira argon m'kati. Mabowo onse tinkawatseka ndi pepala la aluminiyamu ndi tepi, argon n'kulowera kumunsi, kabowo kotulukira mpweya n'kukhala pamwamba, popeza argon ndi yolemera kuposa mpweya wamba. Tisanakhudze manifodi tinayesa pa tizidutswa, n'kumatidula kuti tione m'kati, mpaka m'kati mutatuluka moyera ngati siliva. Ndimalimbikitsa aliyense kuchita zimenezi, chifukwa wedi ya paipi imene sunaidulepo sungaiikire umboni.

M'mphepete mwa paipi iliyonse tinasema kuti wedi ilowe mpaka m'kati, kenako ulendo wachiwiri wodzaza, ndipo pakati pa maulendowo tinkadikira kuti chitsulo chizizire. Stainless sitaya kutentha msanga, ndipo ukaithamangira imada n'kupindika. Paipi ndi paipi tinagwiritsa waya wowotcherera wa 347, popeza titanium siwoloka bwino pa moto wa tochi ndipo waya umenewu uli ndi niobium yogwira ntchito yomweyo. Paipi ku flange ya chitsulo wamba tinagwiritsa 309L. Flange inali yomangidwa ndi mabauti pa chitsulo chokhuthala nthawi yonse yowotcherera mpaka itazizira. Maburashi ndi madisiki anali atsopano, osakhudzapo chitsulo wamba.

Chinthu chimodzi ndinachichotsa m'galajamo ndisanayatse makina: chitini cha mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine. Mankhwala amenewa akakumana ndi moto wa TIG amatulutsa phosgene, mpweya umene ungawononge mapapo ngakhale utakhala wochepa. Tinkatsuka ndi acetone, n'kudikira kuti iume, chitini chili kutali. Utsi wa stainless nawonso uli ndi chromium yoipa m'thupi, choncho chitseko chinali chotsegula ndipo tinkavala zotchinga mphuno.

Zimene zinatsatira

Tisanapite kulikonse tinaliza injini pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, titaika geji ya wotchi pa turbo. Itatentha, turbo inasunthira kunja mamilimita opitirira atatu, ndipo itazizira inabwerera pamalo pake penipeni. Kubwerera kumeneku ndi kumene ndinkayembekeza kuona, chifukwa kunasonyeza kuti palibe chimene chapindika. Tinamanganso manati a flange kamodzi itazizira, ndipo sanamasukenso.

Ku El Mirage inathamanga bwino, koma msewu wa kumeneko ndi waufupi, sungapereke yankho lonse. Ku Bonneville bamboyo anakwera pang'onopang'ono monga malamulo a malayisensi amafunira, ndipo tsiku lachitatu anapitirira 175 n'kuloledwa pa msewu wautali. Rekodi ya gulu lawo sanaifike, ndipo sanaiyembekeze chaka chimenecho. Madzulo alionse ankayang'ana manifodi ndi tochi, n'kugwedeza kandodo kopachikira turbo kuti aone ngati mfundo zake zikuyenda. Tsiku lina anapeza yapansi itauma ndi mchere ndi kutentha, anaimasula n'kuipaka mafuta a nickel opirira moto. Mfundo imeneyo ikanauma osaonedwa, kandodoko kakanasanduka chitsulo chomanga ngati chakale chija. Amene angatengere njira imeneyi aike mfundozo pa ndandanda ya zoyang'ana tsiku lililonse.

Atabwerera tinachotsa manifodi n'kuiyezanso ndi mankhwala ofiira. Mapaipi anayi, pokumanira pake ndi flange zinali zoyera. Koma panatuluka kamzere kofiira, kotalika ngati chikhadabo, pa tsinde la kapaipi kopita ku wastegate. Titatsatira tinapeza chifukwa chake. Atatsala pang'ono kunyamuka, bamboyo anatalikitsa paipi yotulutsa utsi wa wastegate kuti utsiwo usalunjike ku tayala, ndipo poona kuti yatalika anaimanga ku chasisi ndi kilampu. Manifodi yonse inali yomasuka kusuntha kupatula pamenepo, ndipo mphamvu yonse inathera pa tsinde la kapaipiko.

Tinaboola kabowo kakang'ono kumapeto onse a mng'aluwo, tinaukumba mpaka mankhwala ofiira atasiya kuoneka, n'kuwotcherera argon ili m'kati. Kilampu ija tinaichotsa. Paipi ya wastegate tinaiikira kachigawo kake ka makwinya, n'kuipachika pa injini ndi kachidutswa ka lata kopyapyala kamene kamapindika paipi ikatalika. Mapiko a turbo amene anakumbika ndi tizidutswa ta mawedi akale anawasintha m'nyengo yozizira. Manifodiyo yathamanganso nyengo ina yathunthu, ndipo pamapeto pake bamboyo anaichotsa n'kuiyeza okha ndi zitini zitatu zija, osapeza kanthu.